Mwana wanu sakumva? Nazi zoti muchite, kuchokera kwa ine amene ndinagontha ndili ndi zaka 8

Sipatha mwezi ndisanalandire uthenga pa WhatsApp wochokera kwa munthu amene sindikumudziwa. Nambala yanga amakhala waipeza kutchalitchi, kapena kwa mnzake amene anakumana naye kusikelo, ndipo funso limakhala lomwelomwelo: "Pepani amayi, mwana wathu akuoneka ngati sakumva. Titani?" Ndayankha anthu ambiri mmodzimmodzi, ndipo nthawi zonse ndimatsala ndi nkhawa yoti pali china chimene ndaiwala kuwauza. Lero ndati ndilembe zonse pamodzi, kuti wina akadzafunsanso ndidzangomutumizira.

Ine ndinabadwa ndikumva bwinobwino. Ndili mu Sitandade 2 ndinadwala malungo aakulu aja ogwira ubongo. Nditatsitsimuka m'chipatala ndinaona mayi anga atandiweramira, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka. Ndinawamvera chisoni poganiza kuti mawu awathera ndi kulira. Kenaka mbale yachitsulo inagwa pansi mu wodimo, odwala onse n'kutembenuka, ine ndekha maso ali kudenga. Anaona zimenezi ndi mayi anga, ndipo anadzandifotokozera patapita zaka zambiri.

Chichewa ndinali nditachigwira kale, n'chifukwa chake ndikutha kukulemberani chonchi. Anzanga ambiri amene anabadwa osamva, kapena anagontha asanayambe kulankhula, analibe mwayi umenewo. Ndikudziwa ena amene anafika kusukulu ali ndi zaka 10 asakudziwa dzina lawo lomwe. Mitu yawo inalibe vuto lililonse, kungoti panalibe amene anawapatsa chinenero. Khutu mwina lichira, mwina ayi, koma mwana sangakhale akudikira khutu kuti apeze chinenero, ndipo zonse zili m'munsimu zachokera pamenepa.

Tiyambe takonza mawu. M'Chichewa "mwana wosamva" ali pawiri: wa makutu ndi wa mwano. Si nkhani yaing'ono imeneyi, chifukwa ana ambiri amakwapulidwa kaye chaka chathunthu ngati amwano, anthu asanazindikire kuti vuto ndi makutu. Mawu oti "gonthi" alipo, koma ambiri a ife amatipweteka akasanduka dzina loitanira: "kam'tengeni gonthi uja." Mwanayo ali ndi dzina, muzimutchula dzina lake. "Wosalankhula" nawonso ndi mawu olakwika. Ambiri a ife pakhosi palibe vuto, kungoti munthu amalankhula zimene wamva, ndipo ndi manja timacheza mpaka tambala kulira.

1. Muyang'anitsitseni masiku angapo, ndipo musamuyese ndi kuwomba m'manja

Khanda limadzidzimuka likamva phokoso lalikulu. Pofika miyezi 6 limatembenukira kumene kukuchokera mawu. Cha m'miyezi 9 limakhala likubwebweta "ba-ba-ba, ma-ma-ma", ndipo likakwanitsa chaka limadziwa dzina lake n'kuyamba mawu amodzi kapena awiri. Pofika zaka ziwiri mwana amalumikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Ngati wanu wadutsa misinkhu imeneyi ali duu, kapena ankabwebweta kenaka n'kusiya, musamvere za "anyamata amachedwa kulankhula" kapena "bambo akenso anachedwa". Mwana wamkulupo amaonekera pena: amafunsa "mwati?" pafupipafupi, amakupendekerani khutu limodzi, amayang'ana pakamwa panu osati m'maso, ndipo m'kalasi amabwerera m'mbuyo.

Anthu ambiri amalakwitsa poyesa. Amaima kumbuyo kwa mwana n'kuwomba m'manja pafupi ndi khutu, mwana n'kutembenuka, iwo n'kuti "ee, akumva uyu." Chimene wamva ndi kamphepo ka manja anu patsaya, kapena waona chithunzithunzi chanu pansi. Chitseko chikamenyetsedwa timachimva m'thupi, ndipo musi ukamagunda mumtondo ine ndimaumva ndi mapazi. Mukafuna kuyesa, wina akhale kutsogolo akumusewereza osalankhula, inu muime kumbuyo mapazi atatu pamene sakukuonani, mumuitane ndi mawu wamba, kenaka mugwedeze sipuni m'kapu, mbali iyi kenaka inayo. Bwerezani masiku osiyanasiyana. Ngakhale atembenuke, ngati mtima wanu ukukayikabe, pitirirani ku mfundo yachiwiri. Khalani tcheru makamaka ngati mwana wangochira kumene malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku kapena matsagwidi, ngati anabadwa masiku asanakwane, kapena anali ndi chikasu chachikulu atangobadwa.

Ndipo chonde, wina asamudule pansi pa lilime pofuna kuti alankhule. Vuto silili pamenepo.

2. Pitani kuchipatala, ndipo musabwereko musanamve yankho lomveka

Yambirani kuchipatala chapafupi, buku la kuchipatala lili m'manja, akamuone m'makutu. Nthawi zina ndi phula lotseka, madzi kuseri kwa nembanemba ya khutu, kapena mafinya, ndipo zimenezi zimachizika. Khutu lotuluka mafinya musalilekerere poganiza kuti "ana onse amatero". Ndi limodzi mwa mavuto amene amagonthetsa ana ambiri kuno kwathu, pang'onopang'ono. Musathiremo mafuta ophikira, madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere, musatokosemo ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi. Pukutani kunja ndi kansalu koyera, pitani nalo kuchipatala.

Akakuuzani kuti m'khutu mukuoneka bwino, nkhani sinathe. Kugontha kochokera m'kati mwenimweni sikuoneka ndi tochi. Pemphani kalata yopita kumene amayeza kamvedwe ndi makina. Ku Blantyre kuli kiliniki ya audiology pachipatala cha Queen Elizabeth, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku Area 47. Khanda la masiku ochepa lomwe limayezeka: amaika kanthu kofewa pakhomo pa khutu mwana ali m'tulo, mphindi zochepa, osapweteka. Choncho wina akati "dikirani akule kaye", musavomere.

Adzakupatsani pepala la mizere lotchedwa audiogram. Timizere tofiira tokhala ndi O ndi khutu lamanja, tabuluu tokhala ndi X ndi lamanzere. Manambala a m'mbali ndi madesibelo, muyeso wa kukula kwa phokoso. Kunong'ona kumakhala cha m'ma 30, kucheza wamba cha m'ma 60. Ndiye ngati mwana akuyamba kumva pa 90, dziwani kuti mawu anu onse akumudutsa, ngakhale mukuwe. Safunsa anadya phula: musatuluke m'chipindamo musanafunse kuti khutu lililonse likumva bwanji, vutoli n'lochizika kapena ayi, ndipo mubwerenso liti. Pepalalo lijambuleni pafoni, chifukwa adzalifuna kusukulu.

3. Lekani kufunafuna wolakwa

Apa mabanja ambiri amataya zaka. Akuchimuna amati n'zakuchikazi, akuchikazi amati pali amene anakhwimira mwanayo, mayi amangolira poganiza kuti pali chimene analakwitsa ali woyembekezera. Ana osamva oposa 90 mwa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva bwinobwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati padziko lonse ana pafupifupi 34 miliyoni ali ndi vuto lalikulu la kumva, ndipo pafupifupi 60 peresenti ya kugontha kwa ana kumachokera ku zinthu zopeweka monga matenda ndi zovuta za pobadwa. Mankhwala ena amphamvu opulumutsa moyo, monga gentamicin ndi kwinini, nawonso amatha kuwononga makutu. Palibe ufiti pamenepa.

Makolo anga anayenda nane pafupifupi zaka ziwiri, kwa asing'anga ndi kumapemphero a usiku, mpaka mbuzi zinatha m'khola. Sindiwaimba mlandu, chinali chikondi. Koma ndimakumbukira mmene ndinkabwerera kunyumba ndikuona nkhope zawo zitagwa, n'kumaganiza kuti ndine amene ndawakhumudwitsa posachira. Ine ndine munthu wopemphera, ndipo sindikuletsani kupemphera. Ndikungoti m'mera mpoyamba: ubongo wa mwana umagwira chinenero mosavuta m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo chaka chimene mwataya podikira chozizwitsa sichibwerera. Pempherani uku mukuchita zinazi.

4. Kachipangizo kothandizira kumva: katengeni, koma dziwani malire ake

Akakuuzani kuti mwana athandizika ndi kachipangizo kovala kukhutu, kamene kuchipatala amakatcha hearing aid, katengeni ndipo azikavala tsiku lonse. Koma kachipangizoka kamangokweza mawu, sikabwezeretsa khutu. Kwa mwana amene amamva pang'ono kamasintha moyo. Kwa wina ngati ine kamangondiuza kuti pali galimoto kapena galu akuuwa, koma mawu a munthu amangomveka ngati wailesi yosagwira siteshoni. Opaleshoni yoika chipangizo m'kati mwa khutu, ija amati cochlear implant, iliko, koma ndi yodula kwambiri ndipo oifikira kuno ndi owerengeka.

Musagule tizipangizo ta pamsika kapena kubwereka ka munthu wina. Kalikonse kamatcheredwa motengera audiogram ya mwini wake, ndipo kokweza mopitirira kangathe kuwononga kumva kochepa kumene kwatsala. Kapulasitiki kofewa kolowa m'khutu amakaumba motengera khutu la mwanayo; akamakula kamakhwepa, ndipo mudzamva kachipangizo kakuimba mluzu. Mluzuwo mumaumva ndinu, iye saumva, ndiye ndi udindo wanu kubwerera nako kuti akaumbe kena. Mabatire ake amabwera ndi kapepala komata. Mukangokamatula batire limayamba kutha ngakhale musaligwiritse ntchito, choncho musamatuliretu. Ambiri amatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Usiku tsegulani kachitseko ka batire, sungani kachipangizoko m'botolo louma lotsekeka, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo mabatire akhale patali ndi ana aang'ono chifukwa kumeza batire n'koopsa.

5. Yambani chinenero chamanja sabata ino

Musadikire zotsatira za kuchipatala, musadikire sukulu. Wina adzakuuzani kuti mwana akazolowera manja sadzalankhulanso. Si zoona. Maganizo amenewa ndi akale. Anafala kuchokera pa msonkhano wa aphunzitsi umene unachitikira ku Milan, m'dziko la Italy, mu 1880, umene unagamula kuti ana osamva aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha, ndipo mibadwo yambiri ya ana osamva inavutika nawo. Mwana amene ali ndi chinenero chimodzi cholimba savutika kuphunzira chachiwiri, kaya cholemba kaya cholankhula.

Musadalirenso kuti "aziwerenga milomo". Imani pagalasi munene mawu awa osatulutsa mawu: phala, bala, mala. Milomo ikuchita chimodzimodzi. Yesani kugula ndi kukula. Kusiyana kwake kuli kukhosi, kumene diso silifika. Nanga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, zimene zimasiyana ndi kakwezedwe ka mawu kokha? Ine amene ndinkadziwa kale Chichewa ndimangolumikiza zidutswa n'kumaganizira zotsalazo, ndipo pofika madzulo mutu umakhala ukuwawa. Mwana amene sanamvepo Chichewa angawerenge bwanji pamilomo chinthu chimene sachidziwa?

Pakhomo panu mwina mwapanga kale zizindikiro zanu: kudya, madzi, bwera, agogo. Zimenezo n'zabwino, musazitaye, koma sizingafotokoze kuti "mawa", "chifukwa" kapena "ndikuopa", ndipo kunja kwa mpanda wanu palibe amene azidziwa. Chinenero chamanja cha ku Malawi ndi chinenero chathunthu, chokhala ndi malamulo akeake, ndipo sichitsata Chichewa liwu ndi liwu. Nkhope ndi mbali ya chinenerocho: nsidze, masaya ndi mutu zimasonyeza ngati ukufunsa, ukukana kapena ukutsindika. Dziko lililonse lili ndi chake, choncho mukamatsata mavidiyo a pa YouTube a ku America, mukuphunzitsa mwana chinenero cha eni ake.

Fufuzani bungwe la anthu osamva la MANAD, dzina lake lonse Malawi National Association of the Deaf. Mu 2021 linatulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha kuno, ndipo lingakulozereni anthu osamva a m'dera lanu. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma panu, mipingo imene ili ndi omasulira, ndi masukulu amene nditchule m'munsimu ndi makomo ena ogogoda. Buku limathandiza, koma mphunzitsi weniweni ndi munthu wamkulu wosamva. Muitaneni kunyumba kwanu, adye nanu nsima, ndipo ngati akukuphunzitsani sabata ndi sabata mumulipire monga mmene mungalipirire mphunzitsi wina aliyense. Mwana wanu akufunika kuona ndi maso kuti osamva amakula, amakwatira, amagwira ntchito. Pali ana osamva amene amaganiza kuti akadzakula adzayamba kumva, kapena sadzakula n'komwe, chifukwa sanaonepo wamkulu wofanana nawo. Akazolowerana ndi anthu osamva adzamupatsa dzina lamanja, chizindikiro chakechake chotengera maonekedwe kapena khalidwe lake. Langa ndi chala chokhudza kachipsera kamene ndili nako pachibwano.

6. Sinthani kachezedwe ka pakhomo panu

Iyi ndiyo mfundo yovuta, ndipo sindinaionepo papepala lililonse la kuchipatala. Makolo ambiri amakwanitsa zisanu zapitazi: mwana wayezedwa, kachipangizo wavala, mayi aphunzira zizindikiro makumi angapo. Koma mwanayo amakhalabe mlendo m'nyumba ya kwawo.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira. Madzulo tonse tili pamphasa, nsima ili pakati. Mchimwene wanga wanena kanthu, onse aphulika kuseka, bambo mpaka kutsamwa. Ine ndikugwira mkono wa mayi kufunsa kuti kwachitika chiyani. Iwo akupukuta misozi ya chimwemwe, n'kundikupizira dzanja: "Tikuuza bwino." Kapena: "Aa, n'zazii." Sanandiuzepo. Sikuti ankandida; nkhani inali itapita kale patsogolo ndipo kubwerera kunali ntchito. Koma zikachitika usiku uliwonse kwa zaka khumi, mwana amasiya kufunsa. Amadya msanga n'kukagona, anthu n'kumati ndi wofatsa, kapena wokonda kukhala yekha, kapena wamkwiyo. Tsiku limene agogo anga anamwalira ndinangoona anthu akutulutsa mipando ndi amayi akumanga chitenje m'chiuno. Ndinadziwa amene wamwalira nditaona kuti pamkeka pamene agogo ankakhala palibe munthu.

Mwana wakumva amaphunzira zambiri popanda womuphunzitsa. Amamva mayi akunenerera mtengo wa tomato, amamva bambo akupepesa mnansi, amamva kuti azakhali akudwala, kuti chimanga chatsala matumba awiri, kuti pamaliro sitiseka. Zonsezi amangotola ali pamasewera. Mwana wosamva satola kanthu; chimene simunamuuze maso ndi maso sanachimve. Ndiye pakhomo pafunika malamulo, ndipo akhale a aliyense.

Loyamba, chinenero chamanja chisakhale cha mayi okha. Kawirikawiri amaphunzira ndi mayi kapena mlongo mmodzi, ena onse n'kumadutsira mwa iyeyo: "tamuuza atunge madzi." Bambo, ndikulankhula ndi inu makamaka. Mwana amaona kuti simunayesepo kukweza dzanja chifukwa cha iye, ndipo amatanthauzira yekha. Ngakhale manja anu akhale olimba ngati mpini, ngakhale mulakwitse mpaka iye akusekeni, yesani. Patulani mphindi 15 tsiku lililonse banja lonse, zizindikiro zisanu zatsopano, ndipo muzigwiritse ntchito tsiku lomwelo. Ana anzake amagwira msanga kuposa akuluakulu, aloleni akukonzeni.

Lachiwiri, mawu oti "tikuuza bwino" aletsedwe. Akafunsa, nkhani iime, wina amufotokozere, ngakhale mwachidule, ngakhale nthabwalayo izizire. Pa chakudya muzilankhula mmodzimmodzi, ndipo wolankhula azikweza dzanja kaye kuti mwana adziwe koyang'ana. Khalani mozungulira kuti aziona nkhope zonse.

Lachitatu, kuwala. Kwa ife mdima ndi kutseka pakamwa. Magetsi akazima kapena koloboyi akazimitsidwa, inu mumapitiriza kucheza, ife dziko latha. Gulani kanyali ka sola, ndipo kaziunikira nkhope ndi manja a wolankhula, osati maso a mwana. Mukamakamba nthano pamoto, wokambayo akhale poti moto ukumuwalira kumaso. Masana musaime pakhomo dzuwa lili kumbuyo kwanu, chifukwa nkhope yanu imangooneka bii.

Lachinayi, kaitanidwe. Musamugende ndi kamwala kapena chitsononkho. Ndi mmene timathamangitsira nkhuku. Musamudzidzimutse pomugwira kumbuyo, musamukoke chibwano kuti akuyang'aneni. Mukhudzeni paphewa pang'ono, kupizani dzanja pamene angaone, gogodani patebulo kapena pondani pansi mwamphamvu ngati muli pafupi, usiku thimitsani ndi kuyatsa tochi. Dikirani akuyang'aneni musanayambe. Musakuwe: kukuwa kumapotoza milomo, ndipo nkhope yokuwa imaoneka ngati yokalipa. Musalankhule muli ndi chakudya m'kamwa kapena mukuyang'ana mumphika.

Lachisanu, muzimuuza zinthu zisanachitike. Mukupita kuti, mubwera liti, mlendo wabwerayu ndi ndani wake, chifukwa chiyani lero sitipita kumunda. Ana ambiri osamva amene amatchedwa ovuta ndi ana amene amangonyamulidwa kukwezedwa minibasi osadziwa kopita. Mukamulanga, afotokozeredwe chimene walakwa, apo ayi wangophunzira kuti akuluakulu amamenya popanda chifukwa. Ndipo akalakwa alangidwe ngati anzake. Kumulekerera chifukwa cha chisoni ndi njira inanso yomuuzira kuti si mmodzi wa inu.

Mudzatopa, ndipo masiku ena mudzaiwala. Mukazindikira kuti wakhala chete nthawi yaitali pakati pa anthu akucheza, tembenukani mumufotokozere pamene nkhani yafika.

7. Sukulu: yambani kufunsa mwana asanafike zaka 6

Masukulu a ana osamva odziwika m'dziko muno ndi Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mountain View ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay, ndi ina ku Karonga. Ndi ogonera konko, malo ndi ochepa, ndipo ana amayamba ndi makalasi okonzekera asanalowe Sitandade 1. Mukadikira mpaka mwana afike zaka 10 mudzapeza khomo lopapatiza. Masukulu ena wamba ali ndi chipinda chapadera, chimene amachitcha resource centre, chokhala ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Funsani kwa mlangizi wa masukulu a pulaimale wa m'dera lanu, amene timangomuti a PEA, kapena ku ofesi ya maphunziro paboma.

Lamulo la anthu a ulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, sililola sukulu kukana mwana chifukwa cha ulumali. Koma kulandiridwa ndi kuphunzira n'zosiyana. Mwana wosamva m'kalasi ya ana 100, mphunzitsi akulankhula atayang'ana kubolodi, amangokopera zolemba ngati akujambula maluwa. Musanyengedwe ndi kope lodzaza. Mulozereni liwu limodzi mumufunse tanthauzo lake. Ngati ali pasukulu wamba, pemphani akhale kutsogolo chakumbali koti aziona mphunzitsi ndi anzake omwe, ndipo akamayandikira mayeso a MANEB sukulu idziwitse msanga kuti pali mwana wosamva.

Maganizo anga ndi akuti mwana amene samva kwambiri amapindula pamene pali ana ena osamva, chifukwa m'bwalo la masewera ndi m'mene chinenero chimakulira. Koma mukamutumiza kogonera, inu musasiye kuphunzira. Ndaona ana akubwera kutchuthi manja ali odzaza nkhani, kunyumba n'kusowa womvetsera, mpaka kumawerenga masiku oti abwerere kusukulu.

8. Mutetezeni pamsewu, kuchipatala ndi kwa anthu oipa

Pamsewu aziyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, chifukwa belu la kabaza ndi hutala ya njinga yamoto sazimva. Muphunzitseni kuyang'ana mbali zonse kawiri. Kuchipatala mayina amaitanidwa ndi pakamwa, ndiye uzani wolembera kuti mwana samva, ndipo akadzakula azidzapereka kapepala konena zimenezo. Dokotala azilankhula ndi iye, inu muzingothandiza. Kamwedwe ka mankhwala kalembedwe, ngakhale pojambula dzuwa ndi mwezi.

Chimene makolo amachita nacho manyazi ndi ichi: anthu ogwirira ana amasankha mwana amene akudziwa kuti sangathe kunena. Mwana wanu, wamkazi kapena wamwamuna, adziwe zizindikiro za ziwalo zonse za thupi kuphatikizapo zobisika, adziwe "ayi", "zowawa", "ndani", "kuti" ndi "liti", ndipo anthu onse obwerabwera pakhomo panu akhale ndi mayina amanja kuti athe kutchula munthu. Mtsikana afotokozeredwe za msambo usanamufikire. Ine unandipeza ndisakudziwa kanthu, ndinabisa masiku awiri poganiza kuti ndikufa, chifukwa malangizo onse amene anzanga ankanong'onezana kuchitsime anandidutsa. Ngati mukumutengera kwa anankungwi, pakhale mayi wodziwa manja amene mwanayo amamukhulupirira. Akakuuzani kuti wina wamuchita zoipa, mukhulupirireni, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kanenani kupolisi ku Victim Support Unit kapena imbani 116, ndipo umirirani kuti papezeke womasulira amene si wachibale wa woganiziridwayo.

9. Mutumeni

Musamusunge kuseri kwa nyumba alendo akabwera, ndipo musamuchitire chilichonse. Apite kuchigayo, kumjigo, kutchalitchi kapena kumzikiti, kumaliro ndi kuukwati. Aphunzire ndalama msanga, chifukwa ogulitsa ena amabera chenje munthu amene akuona kuti sangakangane nawo. Mayi anga anayamba kundituma kumsika ndili ndi zaka 11, kapepala m'dzanja: tomato mulu umodzi, mchere, usipa. Ulendo woyamba ananditsatira chapatali, atabisala kuseri kwa benchi ya ogulitsa makala. Yambani ndi wogulitsa mmodzi amene mumamudziwa, mumuonetse zizindikiro zitatu, "zingati", "zikomo" ndi "wonjezerani", kenaka mawa lake mutume mwanayo yekha, ndipo akabwerako muwerengere limodzi chenje.